Ana akusula malupanga pa foni, chipala cha m'mudzi chidazima

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera pa tsamba lino la makalata pa nkhani yomwe yayamba kumveka m'maguwa ndi m'misonkhano ya makolo kuno ku Mulanje. Nkhaniyi ndi ya masewera a pa foni ndi pa kanema, aja ana athu akuwatchula kuti magemu. Ndamvapo alaliki angapo akunena kuti magemu onse ndi khomo la Satana, ndipo kholo likapeza mwana akusewera liphwanye foniyo. Ine sindikugwirizana nawo kwathunthu, ndipo ndikupempha abusa, ansembe, mashehe ndi akulu a mpingo omwe amawerenga nyuzipepala ino kuti andimvetsere mpaka ndimalize, pakuti mlandu sagamula atamva mbali imodzi.

Poyamba tidziwe kuti magemuwa sali amtundu umodzi. Ambiri omwe anyamata amaunjikanapo m'malo ochitira malonda ngati pa Chitakale, pa Limbuli kapena pa Nkando ndi a mpira ndi a nkhonya. Amenewo ndiwasiye. Ine ndikunena za mtundu wina womwe ukufika ndi mafoni atsopanowa ndiponso ndi adzukulu athu obwera kutchuthi kuchokera m'tauni. M'magemu amenewa mwana amasanduka msilikali woyenda m'dziko lopeka, lodzaza ndi mapiri, mapanga, zinjoka zouluka ndi zilombo zomwe Mulungu sadalenge. Munthu wamkulu akangosuzumira amaona lupanga ndi chinjoka basi, n'kuyamba kudzudzula. Koma mukakhala pansi n'kumufunsa mwanayo kuti akufotokozereni, monga momwe ine ndachitira ndi adzukulu anga, mupeza kuti nthawi yambiri sakumenya nkhondo ayi. Akutola nkhuni, akukumba miyala, akusenda zikopa, akusula.

Nditchule amodzi otchedwa Skyrim, omwe adatuluka m'chaka cha 2011 kuchokera ku kampani ya Bethesda ya ku America. Mmenemo wosewera amatenga piki n'kupita kuphanga kukakumba mwala wachitsulo. Mwalawo amakausungunula m'ng'anjo kuti utuluke mtanda wachitsulo. Kenaka amasaka nyama, chikopa chake n'kuchifufuta ndi kuchilenga timizere. Akafika pa chipala, mtanda umodzi wachitsulo ndi kamzere kamodzi ka chikopa zimamupatsa mpeni. Mpeniwo amaunola pa mwala wonolera. Akasula zinthu zambiri luso lake limakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pa 100, ndipo pamenepo amaloledwa kupanga zovala zankhondo za mafupa a chinjoka. Ena ndi Monster Hunter a kampani ya Capcom ya ku Japan, omwe adayamba mu 2004. Mmenemo mlenje akapha chilombo amatengako chikopa, mamba ndi mafupa kupita nazo kwa wosula kuti amupangire chida choposa chomwe ali nacho. Mu 2023 a Nintendo adatulutsa The Legend of Zelda: Tears of the Kingdom, momwe mwana amalumikiza mwala ku ndodo kuti ikhale nyundo, kapena matabwa ndi mateyala kuti ikhale ngolo yoyenda.

Tsono ndifunse anzanga a msinkhu wanga: mukamva za ngolo ya matabwa ndi mateyala, simukukumbukira kanthu? Si ife tomwe tinkatola mawaya kumipanda, n'kumapinda tsiku lonse mpaka ituluke galimoto yokhala ndi chiwongolero chachitali? Tinkapanga mpira wachikulunga, nguli, legeni, banjo ya chigubu, ng'ombe zadothi. Luso limeneli lidatchuka mpaka mayi wina wa ku America, Karen Lynn Williams, yemwe adakhalako kuno ku Malawi, adalemba buku la ana lotchedwa Galimoto mu 1990. Njala yomwe inkatitumiza ife kukatola mawaya ndi yomweyo ikumusunga mwana wa lero pa foni mpaka batire kutha. Mwana amafuna kuona chinthu chomwe kunalibe m'mawa chilipo madzulo chifukwa cha iye. Eni makampaniwa adaizindikira njala imeneyi ndipo akuidyetsa. Ife makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo tidaleka kuidyetsa kalekale.

Kwa azibusa oopa zinjoka ndi mankhwala a m'mabotolo omwe amaoneka m'magemuwa, ndingoti nkhawa yanu ndikuimva, ndipo alipo magemu ena a magazi okhaokha osayenera mwana wamng'ono. Koma nthano za zilombo sizidabwere ndi foni. Ife a m'tsinde mwa phiri lino tidakula tikumva za Napolo, za mizimu ya pa Sapitwa, za chakudya chomwe munthu amachipeza m'phiri n'kudya osaitana mnzake. Madzi atasefukira ku Phalombe mu 1991, anthu ambiri adati Napolo wadutsa. Agogo athu ankatisimbira zonsezi pamoto madzulo, ndipo ambiri a ife tidakula n'kukhala akulu a mpingo. Za kusula ndiye musadandaule n'komwe. Buku la Genesis limamutchula Tubali-Kaini ngati wosula mkuwa ndi chitsulo. Pa Eksodo 31 Mulungu mwini wake ndiye adampatsa Bezaleli luso la zosemasema ndi zosulasula. Ambuye Yesu ankadziwika kwawo ngati mmisiri wa matabwa, Paulo ankasoka mahema, ndipo abale athu achisilamu amaphunzitsa kuti mneneri Dawud adapatsidwa luso lofewetsa chitsulo. Mwana wokonda chipala, ngakhale cha pa galasi la foni, sali kutali ndi anthu amenewa.

Monga munthu amene ndagwira choko zaka zambiri, ndinene chinthu chomwe aphunzitsi anzanga sangakondwe nacho. Magemuwa amadziwa kuphunzitsa. Samuyambitsa mwana ndi lupanga lalikulu; amamuyambitsa ndi kampeni. Amamuuza poyera kuti pakufunika zakutizakuti, zingati, ndipo zomwe zikusowa amaziona yekha. Akalephera palibe chikoti, palibe kumuseka, amangoyambiranso. Akapambana mphotho yake amaiona nthawi yomweyo. Mwana yemwe m'kalasi amati sangathe kuchulukitsa, ndamuona akuwerengera kuti pa mipeni makumi awiri afunika mitanda ingati ndi zikopa zingati, popanda womukakamiza. Ife tinkamupatsa samu makumi awiri pa bolodi osamuuza kuti n'zothandiza chiyani.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Magemuwa amamunamiza mwana, ndipo bodza lake si la zinjoka ayi. Mwana aliyense amadziwa kuti chinjoka n'chopeka. Bodza loopsa ndi lomwe limaoneka ngati zoona.

M'gemu, mpeni umatuluka pongodina batani. Zipangizo zikakwana, chinthu sichilephereka. Pitani kwa wosula weniweni, mwa ochepa omwe atsala m'misika yathu, mukaone. Amatenga chidutswa cha sipuling'i yakale ya galimoto n'kuchiika pa makala, mnyamata wake akupukusa gudumu la njinga kapena kupopa mvukuto kuti moto ukolere. Wosulayo alibe chida choyezera kutentha. Amayang'ana mtundu wa chitsulo. Chikafiira pang'ono sichimvera nyundo. Chikapitirira n'kuyamba kuthetheka ndiye kuti chapsa, ntchito yawonongeka. Akamaliza kuumba nkhwangwa amaiviika m'madzi kapena mu oyilo wakale kuti ilimbe, ndipo akalakwitsa apa nkhwangwayo imang'aluka kapena imadzabenthuka pa mtengo woyamba. Nzeru imeneyi ili m'maso, m'makutu ndi m'mikono, ndipo imalowa ndi matuza a m'manja ndi zipsera za moto. Chimodzimodzi mayi woumba mbiya: amadziwa dambo lomwe lili ndi dothi labwino, amadziwa kuti mbiya yosauma bwino imaphulika pootcha. Wopanga lichero amadziwa nsungwi yokhwima ndi yanthete pongoigogoda. Zonsezi foni singazipereke, ndipo mwana yemwe wafika pa 100 m'gemu sangathe kukhomera khasu mu mpini. Choipa kwambiri n'chakuti akayesa ntchito yeniyeni n'kuona kuti ikuchedwa ndiponso ikupweteka, amaitaya msanga, poti adazolowera batani.

Bodza lina ndi lomwe limandiwawa kwambiri monga munthu wa ku Mulanje. M'magemuwa zipangizo sizitha. Ukakumba mwala wachitsulo m'phanga lero, pakapita masiku angapo a m'gemumo ukaupezanso pomwepo. Ukathyola therere lamankhwala limaphukanso. Nyama ukazipha zonse, zina zimabwera. Mu Skyrim muja ng'anjo imayaka usana ndi usiku, ndipo wosewera safunsidwa ngakhale thumba limodzi la makala. Ife tikudziwa komwe makala amachokera. Timaona njinga zolemedwa ndi matumba zikutsika m'mamawa, ndipo timaona mapiri akumeta mpala chaka ndi chaka.

Taonani za mkungudza wathu. Mtengo uwu mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha pa dziko lonse lapansi. Thabwa lake limanunkhira, chiswe sichilidya, ndipo amisiri a ku Likhubula adatchuka ndi timabokosi ndi zosema zina zomwe alendo okwera phiri ankagula. Phirili lidakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 1984 Dr. Kamuzu Banda adalengeza kuti mkungudza wa ku Mulanje ndiwo mtengo wa fuko la Malawi. Komabe macheka sadaleke kulira. Akatswiri atayendera phiri mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha yamoyo. Isanu ndi iwiri, a Mkonzi! A Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akufesa ndi kubzala mbande zambirimbiri, ndipo ayamikike, koma mkungudza umatenga zaka makumi angapo kuti ufike pochekedwa. Amene tikuwerenga kalata ino ambiri sitidzaliona thabwa lake. Amene adadula mitengoyo sanali ana a magemu; anali akuluakulu anzathu, ena a iwo oimba kwaya Lamulungu. Iwowo ndiwo adayamba kukhala ngati phiri ndi gemu, kuti ukadula lero mawa upezanso. Ndipo namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, n'kupha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ambiri a iwo a m'maboma athu ano a kummwera, tidaona momwe matope ndi miyala zimatsikira pa malo opanda mitengo. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse. Ulemu umenewu ndi waukulu, koma kaundula sabzala mtengo.

Pali nkhani ya ndalama yomwe makolo ayenera kuidziwa. Magemu ena a pa foni, monga Genshin Impact omwe adatuluka mu 2020 kuchokera ku kampani ya miHoYo ya ku China, amalowetsedwa m'foni ulere, ndipo mmenemonso muli kukumba miyala, kuphika ndi kusula. Koma zida zapamwamba kwambiri zimapezeka pochita maere, ndipo wofuna kuchita maere kambirimbiri amalipira ndalama zenizeni, osadziwa chomwe chimugwere. Dziko la Belgium lidagamula mu 2018 kuti maere olipira a mtundu umenewu m'magemu ena ndi juga. Apa ndiye pomwe ulaliki ukufunika, pakuti juga tikuidziwa mmene yathera mabanja. Nalo bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, mu 2019 lidavomereza kuti kumwerekera ndi magemu mpaka kusiya sukulu, chakudya ndi tulo ndi matenda. Choncho kholo lili ndi ufulu wonse woika malire pa nthawi ndi pa mayunitsi. Chomwe ndikukana ine n'kuganiza kuti tikaphwanya foni ndiye kuti tathana nazo. Mwanayo adzapita kwa mnzake, ndipo ife tidzatsala ndi foni yophwanyika.

Funso lenileni ndi lakuti, tikamulanda foni, timupatsa chiyani m'manjamo? Dera lathu lino silinali losauka pa luso. David Livingstone atadutsa m'mapiri a Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akusungunula chitsulo m'ng'anjo zawo, akusula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi singano, akulima thonje ndi kuwomba nsalu, akuluka madengu. Mpaka lero ku Kasungu kuli mabwinja a ng'anjo zakale zomwe munthu angathe kukaziona ndi maso. Makolo athu ankachita zenizeni zomwe adzukulu athu akuchita mongoyerekeza: mwala kusanduka chitsulo, chitsulo kusanduka khasu. Makasu a m'sitolo atabwera m'nthawi ya atsamunda, ng'anjo zidazima imodziimodzi, ndipo lero sindikudziwa munthu ndi mmodzi yemwe m'dera lathu amene angatulutse chitsulo m'mwala. Luso limenelo lidapita kumanda ndi eni ake. Lomwe latsala, la osula zitsulo zakale, okhoma zidebe ndi mbaula, osema mitondo ndi mipini, oluka mphasa, mikeka ndi nkhokwe, likutsata njira yomweyo, pakuti ambiri ndi okalamba ndipo alibe wowaphunzira.

Sukulu nazonso zili ndi mlandu. Ife tili ana tinali ndi tsiku la ntchito zamanja. Mwana ankabwera ndi tsache, chingwe cha khonje, mthiko kapena kamphasa kopanga yekha, ndipo mphunzitsi ankachonga. Pambuyo pake padalowa kachitidwe koipa m'sukulu zina, koti mwana abweretse ndalama kapena dzira m'malo mwa chopanga, kapena akagule tsache kumsika n'kunena kuti wapanga. Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ndipo sindingachinyoze, koma mphunzitsi wokhala ndi ana oposa 100 pansi pa mtengo sangagawe mipeni ndi nsungwi. Ntchito zamanja zidasanduka zolemba pa bolodi. Ndaonapo ana akuloweza mayina a zida za mmisiri wa matabwa kuti akakhoze mayeso, asadagwirepo chida ngakhale chimodzi. Kodi pamenepa tikusiyana pati ndi gemu? Gemu ndiye bola, poti imamulola mwana kuyesa.

Boma lidakhazikitsa TEVETA mu 1999 kuti iziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo kuli sukulu zaumisiri monga Nasawa ku Zomba ndi Soche ku Limbe. Zimenezo ndi za achinyamata omwe akula kale, ndipo malo ndi ochepa. M'mera mpoyamba. Mwana wa zaka khumi ndiye woyenera kugwira nyundo koyamba. Tisaiwale William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, adawerenga buku la m'laibulale yaing'ono n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito njinga yakale, mapaipi ndi zitsulo zotola kudzala. Anthu ena a m'mudzi ankamuyesa wamisala. Mu 2019 nkhani yake idapangidwa filimu yomwe yaonedwa m'maiko ambiri. Mnyamata ameneyu adachita zomwe magemu amayerekeza, kutola ichi ndi icho n'kulumikiza, koma iye nyali idayakadi m'nyumba ya bambo ake. Ndani akudziwa kuti ndi angati otere omwe ali pa foni pa Muloza kapena ku Mimosa lero, akungosowa wowapatsa waya ndi pulayala?

Pempho langa likupita kwa inu atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, chifukwa ndinu muli ndi malo, muli ndi anthu, ndipo mawu anu amamveka kuposa a mphunzitsi wopuma. Pafupifupi mpingo uliwonse uli ndi mmisiri wa matabwa, telala, wokhoma zidebe, wokonza njinga kapena mayi woumba mbiya. Anthu amenewa timawakumbukira pokhapokha benchi la m'tchalitchi likathyoka. Bwanji Loweruka masana, kawiri pa mwezi, asamakhale pansi pa mtengo wa pa tchalitchi ndi ana khumi kapena khumi ndi asanu? Ndipo tisachite manyazi kubwereka nzeru kwa opanga magemu. Mwana ayambe ndi chaching'ono chomwe angamalize tsiku lomwelo n'kupita nacho kwa amayi ake, kaya mthiko, kaya chipande. Auzidwe poyera zipangizo zofunika ndipo akazifune yekha. Akatha mthiko akwere pa mpini, akatha mpini akwere pa kampando, ndipo dzina lake lilengezedwe pamaso pa mpingo monga timachitira ndi opambana mayeso. Asungwana asatsekeredwe ku zoluka zokha ayi. Ndaphunzitsapo asungwana omwe ankakhoma msomali mowongoka kuposa anyamata. Koma pakhale lamulo limodzi lomwe gemu ilibe: wosema chinthu cha mtengo abzale mbande ndi kuithirira mpaka igwire, ndipo wosula auze ana poyera kuti makala omwe akuyakawo adali mtengo wa msinkhu wanji.

Mmisiriyo asagwire ntchito yaulere. Tazolowera kunena kuti ndi ntchito ya Mulungu pamene tikufuna kumudyera munthu masuku pamutu. Ngati mpingo umatha kusonkha ndalama za yunifolomu ya kwaya ndi zokuzira mawu zomwe zimatigonthetsa m'khutu, ungathenso kupeza kangachepe ka sopo wa nkhalamba yomwe yasiya ntchito yake masana onse. Mafumu athu nawo angathandize popereka malo obzalapo nsungwi ndi mitengo, ndipo pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe womwe umachitikira pa Chonde, pambali pa magule ndi zakudya zamakolo, ndikadakonda kuona mpikisano wa ana oonetsa zomwe apanga ndi manja awo.

Kwa makolo anzanga, musanakalipe, khalani pambali pa mwanayo tsiku limodzi n'kumufunsa kuti lupanga lakelo walipanga ndi chiyani. Adzakufotokozerani mwadongosolo mpaka mudzadabwa. Akamaliza mutengeni tsiku la msika, mukaime naye pa wosula makasu, aone thukuta, amve kutentha, ndipo ngati mwini chipala alola, apukuseko gudumu la moto.

Ine kwanga kuno ndili ndi sompho, macheka awiri, nyundo ndi pulena yomwe ikugwirabe ntchito ngakhale ndi yakale. Mpingo kapena mzikiti wa kufupi womwe ungayambe zimenezi ndidzaubwereka zidazi, ndipo ndidzabwera kudzasunga kaundula wa ana, poti ntchito imeneyo ndiye ndimaidziwa. Abusa omwe akutsutsana nane ayankhe pa tsamba lomwe lino, ndidzawerenga.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Mulanje.